Kuyesa Kwachitatu kwa a Makaniko

KOMITI YA GULU LOPHUNZIRA ZIPEMBEDZO ZIKULUZIKULU ZA PA DZIKO
Zolembedwa za msonkhano wa 41

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Chipinda chomatiramo mabuku ong'ambika, kuseri kwa laibulale
Nthawi yoitanidwa: 4:30 madzulo

Opezekapo, ndi kumene aliyense amapembedza, monga malamulo athu amafunira:
Mayi Azamba, Wapampando, Mkhristu
Mlembi, womata mabuku pa laibulale pano, Msilamu
Aphunzitsi, opuma pa ntchito, Mkhristu
Mayi Wamankhwala, a sitolo ya mankhwala, Mhindu
A Mawotchi, okonza mawotchi, Msilamu
A Makaniko, okonza mabasi kudepoti, Mkhristu
A Lumo, ometa tsitsi, amene amati sapembedza kulikonse koma sanajombepo

Opepesa: a Wojambula, akujambula zithunzi pa ukwati wa eni ake.
Osapepesa: a Telala, amene anatumiza uthenga woti "ndili panjira".

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 4:37. Monga mwa nthawi zonse panalibe pemphero lotulutsa mawu, popeza pa msonkhano wathu woyambirira nkhani yoti apemphere ndani inatha maola awiri, anthu n'kubalalika osapemphera. Tinakhala chete mphindi imodzi, aliyense akuyankhula ndi amene amayankhula naye. A Lumo anaigwiritsa ntchito mphindiyo poyang'ana kumbuyo kwa mutu wa Aphunzitsi, ndipo itatha anawauza kuti adzadutsire kometera Loweruka lisanafike.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwa za msonkhano wa 40. Pa ndime yonena kuti a Makaniko, atalephera kachiwiri kufotokoza Chisilamu, "anamenyetsa chitseko n'kutuluka", eni akewo anapempha kuti mawuwo asinthidwe akhale "anatseka chitseko". A Lumo anatulutsa chogwirira cha chitsekocho m'thumba la jekete n'kuchiika patebulo, nati akhala akuyenda nacho mwezi wathunthu ngati umboni. Komiti inagwirizana pa mawu akuti "anatseka chitseko mwamphamvu". A Makaniko anachitenga chogwiriracho n'kuchibwezeretsa pamalo pake msonkhano uli mkati, ndi zida zimene amayenda nazo.

Panali mawu enanso amene a Makaniko ananena potuluka tsiku limenelo, akuti akadzalephera kachitatu sadzapondanso m'chipinda chino. Amenewo sanapemphe kuti asinthidwe. Wapampando anawafunsa ngati akadali pomwepo. Anayankha kuti ali pomwepo.

Zolembedwazo zinavomerezedwa. Anapereka ganizo ndi Mayi Wamankhwala, anaikira kumbuyo ndi Aphunzitsi, atakonza zipumira ziwiri.

3. Lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndi nkhani ya ubale

Wapampando anakumbutsa onse lamulo limene gulu lino laimapo. Munthu safotokoza chipembedzo chake. Amatola kapepala m'chitini cha tiyi, n'kukaphunzira chipembedzo chimene watolacho, kenako n'kudzachifotokoza pamaso pa mwini wake, ndiye kuti munthu amene amapembedzadi kumeneko. Mwini wakeyo amakhala chete mpaka pamapeto, pomwe amafunsa funso limodzi, lomwelomwelo kwa aliyense: "Nditachisiya lero chipembedzo changachi, n'chiyani chimene ndingachisowe kwambiri?" Akakhutira ndi yankho amati, "Ndife amenewo." Akapanda kukhutira amati, "Sindinadzione." Mwayi ndi utatu. Wolephera kachitatu amalandidwa mutuwo, ndipo amakhala chaka chathunthu ali womvetsera chabe.

A Makaniko anatola Chisilamu mu Januwale, ndipo mwini wake wowaweruza wakhala ali a Mawotchi. Ulendo woyamba anatchula zinthu khumi ndi zitatu zimene Asilamu sadya, samwa ndi sachita, n'kukhala pansi. Ulendo wachiwiri anabwera ataloweza mabuku awiri molondola ndithu, koma chiganizo chilichonse ankachimaliza ndi mawu akuti "pomwe ife kwathu". Maulendo onse awiri a Mawotchi anati sanadzione. Lero ndi kuyesa kwachitatu.

Wapampando analamula kuti nkhani imene aliyense akuidziwa koma palibe amaitchula ilembedwe poyera. Anati zaka makumi atatu za uzamba zinawaphunzitsa kuti chimene chili m'kati chimadzatuluka ndithu, ndiye bola chipeze anthu atasamba kale m'manja.

Mlembi akulemba zotsatirazi chifukwa walamulidwa, osati mwa kufuna kwake. A Makaniko ndi mlongo wake wa Mlembi, wamkulu, bere limodzi. A Mawotchi ndi mwamuna wake wa Mlembi. Mlembi analowa Chisilamu zaka khumi ndi zinayi zapitazo. A Makaniko sanabwere ku ukwati, ndipo chichokereni pamenepo sanalowepo m'nyumba ya Mlembi, ngakhale pamene ana awiri anabadwa. Chaka chatha anabwera kudzakonza jenereta ya laibulale, anamva pazenera a Lumo akunena zinazake zopotoka za Chikhristu, analowa kuti awawongole, ndipo sanasiyenso kubwera. Chipinda chino, Lachitatu lachiwiri la mwezi, ndi malo okhawo amene Mlembi amakhala pansi ndi mlongo wake. A Makaniko akachoka m'gululi ndiye kuti basi. Mlembi akuopa zimenezo, ndipo Wapampando anati alembenso kuti akuopa.

A Makaniko anayang'ana kudenga. A Mawotchi anayang'ana wotchi. Palibe anatsutsa.

4. Tchati chofanizira zipembedzo

Aphunzitsi anapachika tchati chimene akukonzera tsiku lodzaonetsa ntchito za gululi kwa owerenga a laibulale. Pamwamba alemba zipembedzo zisanu: Chikhristu, Chisilamu, Chiyuda, Chihindu ndi Chibuda. M'mbali alemba mitu: woyambitsa, Mlengi, buku loyera, tsiku lopembedza, ndi wotsogolera mapemphero. Mizere ndi yowongoka bwino kwambiri, ndipo komiti inayamikira. Aphunzitsi anati mabokosi onse makumi awiri ndi asanu ndi odzaza, chifukwa pa zaka makumi anayi za uphunzitsi sanalolepo mwana kusiya funso losayankha.

Mayi Wamankhwala anapempha kuyandikira, anavala magalasi, ndipo anaseka mpaka anagwira mpando. M'bokosi la woyambitsa Chihindu Aphunzitsi analembamo kuti "sanadziwikebe, kafukufuku ali mkati". Mayiwo anati kafukufukuyo aimitsidwe, apolisi abwerere, chifukwa Chihindu chilibe munthu mmodzi amene anachiyambitsa, ndipo funsolo likufanana ndi kufunsa kuti anayambitsa kuphika ndani. M'bokosi la tsiku lopembedza munalembedwa kuti "Lamlungu, mwina". Mayi Wamankhwala anati iwo amayatsa nyali pa kaguwa ka m'nyumba mwawo m'mawa uliwonse asanatsegule sitolo, ndipo sanaonepo chifukwa chodikirira Lamlungu.

Mlembi anawerenga kalata yochokera kwa Injiniya, Mbuda amene ankakonza makina kuchipatala chaka chatha ndipo amatiyankhabe ngati mwini wake wa Chibuda. Aphunzitsi anali atalemba m'bokosi la Mlengi kuti "alipo ndithu". Injiniya akupempha mwaulemu kuti bokosilo lisiyidwe lopanda kanthu, chifukwa chiphunzitso chawo sichiyambira pa funso loti analenga ndani, koma loti n'chifukwa chiyani anthu amavutika ndipo kuvutikako kungathe bwanji. Aphunzitsi anafunsa kuti, "Nanga munthu wosiya bokosi ndimupatsa malikesi angati?"

Mayi Wamankhwala anati vuto si mabokosi, vuto ndi mitu ya m'mbaliyo, chifukwa yonse isanu Aphunzitsi anaitenga ku tchalitchi kwawo, n'chifukwa chake mzere wa Chikhristu wadzaza popanda thukuta. Anati tchati akanachilemba iwo, mitu ikanakhala kubadwanso m'moyo wina, mtsinje wopatulika, ndi nyama imene siphedwa, ndipo amene akanakhoza ziro ndi Aphunzitsi. Aphunzitsi anavomera kuti mfundoyo ndi yoona ndipo yawapweteka. Anapempha pepala lalikulupo.

A Lumo anapempha kuti osapembedza nawonso apatsidwe mzere wawo. Wapampando anati mzerewo ukhala wopanda kanthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. A Lumo anati n'chifukwa chake akuufuna, udzakhala mzere waukhondo kuposa yonse. Aphunzitsi anati mabokosi awiri opanda kanthu awapirira, koma asanu ena pamwamba pake sangagone tulo.

Zogwirizana: mwini wake wa chipembedzo chilichonse apereke mitu iwiri ya iye mwini, bokosi lopanda yankho lisiyidwe choncho, a Lumo apatsidwe malo m'mphepete mwa pepala. Pa ndime yonseyi a Makaniko anali ndi ntchito ina. Ankawerenga kapepala kodzaza zidindo za zala za girisi, milomo ikuyenda.

5. Tiyi

Paketi ya mabisiketi inawerengedwa ndi anthu atatu isanatsegulidwe: a Mawotchi kufufuza mafuta a nkhumba, Mayi Wamankhwala kufufuza mazira, Aphunzitsi kufufuza shuga. Inapambana mayeso awiri. Aphunzitsi anadyabe atatu, nati akungothandiza komiti. A Makaniko anakana bisiketi, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya gulu lino.

6. Woweruza wa lero

A Lumo anapempha kuti a Mawotchi asaweruze kuyesa kwachitatuku. Anati mwezi watha anawaona ndi maso awo akupukusa mutu a Makaniko asanatsegule n'komwe pakamwa. A Mawotchi anati tsiku limenelo khosi linali louma chifukwa chowerama pa wotchi ya pakhoma. Wapampando anawayang'ana mmene amayang'anira bambo wonena kuti sakudziwa chimene chinachitika, ndipo a Mawotchi anasintha mawu. Anati kunena zoona, alamu awo akamayankhula iwo samva nkhani, amangoona mpando umene unakhala wopanda munthu pa ukwati wawo. Anati maulendo awiri aja sanaweruze mwabodza, koma sangalumbire kuti lero makutu awo ndi oyera. Anadzichotsa okha.

Wapampando anati lamulo likufuna mwini wake, ndipo m'chipinda muno Msilamu wina ndi mmodzi yekha, ndiye Mlembi.

A Makaniko anatsutsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Mlembi awakhozetsa chifukwa cha chisoni, ndipo iwo malikesi achisoni sawafuna. Chachiwiri, Mlembi sanabadwiremo, anangolowa. A Mawotchi anaimirira, mpando n'kugwa. Anati m'nyumba mwawo amene amadzutsa mnzake ku swala, pemphero la m'bandakucha, ndi Mlembi, ndipo iwo obadwiramowo akanasiyidwa okha bwenzi dzuwa likuwapeza m'bulangete kawirikawiri. Anapempha kuti mawu omalizawo asalembedwe. Pempholo linakanidwa.

Mlembi anapempha kuti amukhululukire ntchitoyi. Anati akanena kuti wadziona, achimwene ake adzati ndi chisoni; akanena kuti sanadzione, achimwene ake sadzabweranso. Wapampando anati n'zoona, ndipo ndi mmene ntchito zenizeni zimakhalira. Mlembi anavomera, koma anauza a Makaniko pamaso pa onse kuti pa nkhani ya chipembedzo chake sanganame, ngakhale kuti awasunge m'chipinda chino. A Makaniko anati ndi zimene akufuna.

Popeza munthu sangaweruze uku akulemba, Mlembi anatula cholembera. Aphunzitsi anadzipereka, koma komiti inaona kuti angamaimitse woyankhula kuti akonze chiganizo. Cholembera chinapita kwa a Lumo.

7. Kufotokoza Chisilamu, kuyesa kwachitatu

Tsopano ndikulemba ndine Lumo. Ine za "anati, anati" za a Mlembi sindizitha, ndilemba mmene ndaonera, amene akufuna kudandaula akandipeze kometera.

A Makaniko aimirira, kapepala kaja kali m'manja. Akayang'ana kamodzi, akapinda, akaika m'thumba. Ine mumtima ndati basi, chitseko chathu chipwetekanso.

Ayamba ndi kunena kuti mabuku aja anabweza. Akuti anawerenga mpaka mutu kuwawa, koma anthu ake sanawapezemo. Ndiye mwezi wonsewu chakudya chamasana akhala akudyera pa tayala lakale, kuseri kwa depoti, pafupi ndi mpopi umene madalaivala achisilamu amasambapo. "Mpopi umenewo ndaukonza zaka zisanu ndi zinayi," atero. "Ndakhala ndikutukwana anthu amene amauthetsa labala, koma sindinafunsepo kuti amasamba chiyani kangapo pa tsiku."

Nsanamira zisanu za Chisilamu azitchula bwinobwino osayang'ana pepala: kuvomereza kuti Mulungu ndi mmodzi ndi kuti Mtumiki ndi wake, swala kasanu pa tsiku, kupereka kwa osauka, kusala kudya mwezi wathunthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndi ulendo wa ku Makka kwa amene angathe. Aphunzitsi amawerenga ndi zala, zakwana. Mawu aja akuti "pomwe ife kwathu" ndimawadikirira ngati basi, sanabwere.

Kenako afotokoza kusamba, uku akuchita ndi manja, mwakuti Mayi Wamankhwala asuntha kapu yawo. M'manja katatu, m'kamwa, m'mphuno, kumaso, mikono mpaka m'zigongono, mutu, mapazi. Akuti dalaivala wina wachikulire anawauza kuti munthu sungapite kukayankhula ndi Mwini zonse uli ndi fumbi la msewu. A Makaniko ayang'ana zikhadabo zawo, zakuda bii ngati nthawi zonse, n'kunena kuti zimenezo zinawakhudza pang'ono. Taseka tonse kupatula a Mlembi, amene akhala chowongoka, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira kuzulidwa dzino.

Ndiye afika pa chimene anaona Lachinayi lina masana. Anthu asanu ndi atatu atayala makatoni pansi, nsapato pambali, aima mzere umodzi phewa ndi phewa. Mwini wa mabasi asanu ndi limodzi anaima pafupi ndi kondakitala amene anamukalipira m'mawa womwewo. Kutsogolo sikunaime bwanayo ayi, kunaima mlonda wa pageti, chifukwa ndi amene analoweza kwambiri buku loyera. Bwana uja foni anaisiya m'nsapato. Inalira, inalira, inasiya, inaliranso. Munthuyo osatembenuka n'komwe. "Ine foni ya abwana ikalira ndimayankha ndili pansi pa basi, nati yachitsulo ili m'kamwa," atero a Makaniko. "Ndinakhala pa tayala paja ndikuimvetsera foniyo, ndipo ndinachita nsanje."

Amaliza. Mayi Azamba akodola a Mlembi. A Mlembi amwa kaye tiyi wozizira.

"Achimwene," atero, ndipo ndi koyamba ine kumva mawu amenewo m'chipinda chino, masiku onse amati a Makaniko. "Nditachisiya lero chipembedzo changachi, n'chiyani chimene ndingachisowe kwambiri?"

A Makaniko akanda m'mutu. "Ukanandifunsa mwezi wathawu ndikanati palibe, ungobwerera kwathu."

A Mawotchi apumira m'mwamba. Mayi Azamba awaponda phazi, ndaona ndi maso anga.

"Lero sindinena zimenezo," apitiriza a Makaniko. "Iwe unakula pakati pa ife amuna anayi, mtsikana uli wekha. Mayi atayamba kudwala, dzina lako linkayamba kuitanidwa kusanache. Tenga ichi, chapa icho, thamangira uko. Woitana kwambiri ndinali ine. Ndakhala ndikuyesa kukumbuka tsiku limene ndinakuona utakhala pansi wopanda chochita, sindikulipeza. Ndiye kudepoti kuja ndaona anthu amene kasanu pa tsiku amaima pamalo pomwe palibe angawaitane, kaya bwana, kaya mwamuna, kaya mchimwene, chifukwa wawaitana kale Wamkulu kuposa onsewo. Ndikuganiza kuti ungasowe zimenezo. Ndipo china, ine zaka zonsezi ndimati alamu anakutenga. Sindinaganizepo kuti unapita wekha, ndi miyendo yako, chifukwa unapezako kanthu."

 

A Mlembi akuti, "Mwaphonya."

A Makaniko agwedeza mutu, atambasula dzanja kutenga chipewa patebulo. Ine ndayang'ana chogwirira chija, ndachimvera chisoni.

"Khalani pansi, sindinamalize," atero a Mlembi, ndipo bambo wamkulu amene amanyamula giyabokosi yekha wakhala pansi ngati mwana wa sukulu. "Mwaphonya pang'ono. Ine sindiima pamenepo pothawa inu. Ndikanafuna kuthawa kutumidwa sindikanakwatiwa ndi munthu amene sadziwa kumene kumakhala masokosi ake. Ndimaima chifukwa cha Amene amandiitanayo, ndipo ndikanaimabe ngakhale ndikanakula ngati mwana wa mfumu. Koma foni yolira m'nsapato ija mwaimva bwino. Ndipo zoti ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga, ndakhala zaka khumi ndi zinayi ndikudikira kuti munthu mmodzi wa kwathu adzanene."

Kenako akuti, "Ndife amenewo." Ndipo alira. Osati kamsozi kamodzi kaulemu ayi, kulira kwenikweni, mpaka Mayi Wamankhwala apereka kansalu kawo. A Makaniko akupotokola chipewa ngati akuchifinya madzi, akungoti, "Iwe, usatero, anthu akuona." Aphunzitsi aomba m'manja okha, kenako tonse.

A Mawotchi aimirira ndi kapepala. Inde, amalemba zolakwika nthawi yonseyi, munthu sasintha. Zilipo zitatu, zonse pa mawu amene ine sindinalembe. Choyamba, poswali sayang'ana kotulukira dzuwa monga ananenera a Makaniko, amayang'ana kumene kuli Makka. Chachiwiri, mutu sausambitsa katatu, amangoupaka madzi kamodzi. Chachitatu, mwezi wosala kudya sukhala nthawi imodzimodzi chaka chilichonse, umatsata mwezi wa kumwamba, n'chifukwa chake umasuntha. A Makaniko akuti, "Ndamva, alamu." A Mawotchi apinda kapepalako, ayang'ana pansi, n'kunena kuti iwo anabadwiramo koma akanafunsidwa funso lomwelo sakanaliyankha choncho. Atambasula dzanja. A Makaniko ayamba alipukuta lawo pa buluku, zimene sizinathandize chilichonse, ndipo agwirana. Tsopano onse awiri ali ndi girisi.

Mayi Azamba alengeza kuti a Makaniko akhoza. Ine ndanenapo kuti ngakhale sindikhulupirira chilichonse mwa zimenezi, lero ndapindula. Ndikubweza cholembera.

8. Kutola mitu yatsopano

Mlembi analandiranso cholembera nthawi ya 5:49. Wawerenga zimene a Lumo alemba. Sizinalembedwe mwa dongosolo la komiti, ndipo nkhani ya masokosi siinayenera kulowamo, koma zonse ndi zoona ndipo sanafufutepo kanthu. Mlembi ndi wokondwa kwambiri.

Chitini cha tiyi chinayendetsedwa. A Lumo anatola Chihindu, ndipo Mayi Wamankhwala anatikita manja nati akhala akupempherera tsiku limeneli. Aphunzitsi anatola Chibuda, anati aona ngati angaphunzire kukhala pamtendere ndi bokosi lopanda kanthu. Mayi Wamankhwala anatola Chiyuda, ndipo Mlembi adzalembera Dokotala wa maso, amene amatiyankha ngati mwini wake, kuti akonzeke.

A Mawotchi anatola kapepala, anakawerenga, anakapindanso, n'kufunsa ngati lamulo limalola kutolanso pamene zala zagwira awiri nthawi imodzi. Wapampando anawalanda kapepalako n'kuwerenga mokweza: Chikhristu. Anafunsa kuti mwa Akhristu atatu amene alipo ndani akhale mwini wake. Funsolo lisanathe dzanja la a Makaniko linali kale m'mwamba. Analonjeza kuti adzaweruza mwachilungamo, ndipo anawonjeza kuti, "Mwayi ndi utatu, alamu, musadzipanikize." Anawalangizanso kuti mabuku okha sathandiza, ndipo kwaya ya kwawo imaphunzira nyimbo Lachinayi madzulo, benchi yakumbuyo imakhala yopanda munthu. A Mawotchi anati adzabwera, koma asadzawapatse poimba. Msonkhano unaima mphindi zitatu chifukwa cha kuseka.

9. Zina ndi zina

A Telala anafika nthawi ya 5:58 ndipo anafunsa ngati aphonya chilichonse. Anapatsidwa bisiketi womaliza ndi kuuzidwa kuti adzawerenge zolembedwa.

A Makaniko anapempha bisiketi amene anakana uja. Anauzidwa kuti ndi amene a Telala akudyayo.

10. Msonkhano wotsatira

Wapampando anawerenga chidziwitso chochokera kwa woyang'anira laibulale choti chipinda chino chidzakhala chotseka mwezi wonse wa Juni, akukonza denga. Panafunika malo ena. A Lumo anapereka kometera, koma komiti inakumbukira tsitsi limene linapezeka mu tiyi ulendo wina. Sitolo ya Mayi Wamankhwala ili ndi mipando iwiri. Kwa Wapampando ndi kokwera mabasi awiri.

A Mawotchi anati kunyumba kwawo kuli khonde lokwanira anthu khumi. Atanena anayang'ana Mlembi, ndipo ena onse anayang'ana patebulo. Wapampando anafunsa ngati alipo amene malowo angamuvute. 

A Makaniko anafunsa kuti nthawi yake ndi yomweyi kapena isintha. Anauzidwa kuti ndi yomweyi.

Mlembi anatembenuza pepala n'kuyamba kuwajambulira mapu, kuyambira pa depoti. A Makaniko anati asavutike, nyumbayo akuidziwa. Anati amadutsapo kawiri kapena katatu pa mlungu poyesa mabasi amene akonza, ngakhale kuti msewuwo ndi wopapatiza ndipo si woyeserako mabasi. Anati mwana wamkulu uja amayenda ndendende ngati malemu mayi athu. Anatinso geti linaweramira mbali imodzi chaka chachitatu tsopano, ndipo nthawi zonse akalidutsa limawapweteka mumtima. Adzafika ola limodzi msonkhano usanayambe, ndi zida.

Mlembi sanamalize mapuwo.

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachitatu, 11 Juni, nthawi ya 4:30 madzulo, kunyumba kwa a Mawotchi ndi Mlembi.

11. Kutseka

Popeza panalibenso nkhani ina, Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 6:09.

Wasaina: ______________________ Mayi Azamba, Wapampando

Wasaina: ______________________ Mlembi

Wasaina pa ndime 7 yokha: ______________________ Lumo